Galimoto ya mawaya yapeza mota: chenjerani ndi kabatire kozungulira

Galimoto ya mawaya siilinso yongokankha ndi chiwongolero chachitali chija. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa, mnyamata akapeza kamota ka mu wailesi yakufa amakamangirira ku mateyala, n'kuwonjezera batire ya foni ndi timagetsi ta tochi, mpikisano n'kuyambika. Kumayiko akunja akuluakulu ali ndi makalabu ochita zomwezi. Amatenga galimoto zakale zoyendera rimoti, monga Grasshopper ya kampani ya Tamiya ya mu 1984, n'kuziika mota ndi batire zamakono. Kusiyana kwake n'koti iwo amatchajira batire m'kachikwama kosagwira moto. Kwathu kuno ndi pamphasa.

Musawaletse ana. Amene wazindikira yekha kuti kusinthanitsa mawaya awiri kumabweza galimoto m'mbuyo waphunzira sayansi. Koma dziwani zimene wagwira m'manja. Batire ya foni ikabooka ndi waya kapena ikakhalitsa padzuwa la mu Okutobala imatha kuyaka. Yotupa ichotseni.

Chondidetsa nkhawa koposa ndi kabatire kophwatalala ngati ndalama yachitsulo, kamene ena amayatsira timagetsi. Kodziwika n'kolembedwa CR2032, kotambalala mamilimita 20. Wopanga galimoto sakameza. Amakameza ndi mng'ono wake wokwawa. Kakakanirira kum'mero, mphamvu yake ya magetsi imasandutsa malovu kukhala mankhwala owotcha ngati soda wopangira sopo, ndipo m'maola 2 okha m'mero ukhoza kupsa kwambiri. Ngakhale kamene kaleka kuyatsa magetsi kamawotchabe.

Vuto lake zizindikiro zimanamiza. Kuchucha dovu, kukana phala, kusanza, kutsokomola: ambiri angati n'chimfine. Inu ongodzipereka pa zaumoyo, mwana akayamba izi mwadzidzidzi, funsani ngati pali batire yasowa pakhomopo.

Mukakayikira kuti wameza, musamusanzitse, musamupatse chakudya, ndipo musadikire kuti kache. Nyamukani. Ngati wakwanitsa chaka, akutha kumeza, ndipo sipanadutse maola 12, mupatseni uchi masupuni 2 a tiyi mphindi 10 zilizonse, osapitirira ka 6, muli m'njira. Uchi umachepetsa kupsako koma suchotsa batire. Khanda losakwana chaka musalipatse uchi. Kuchipatala chaching'ono nenani mawu oti "batire" pofika pomwe, kuti akutumizeni msanga kwa X-ray kuchipatala cha boma cha Nkhotakota. Ngati m'pofunika, mwana amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe kukachotsa. Kakalowa m'mphuno kapena m'khutu musathiremo madzi kapena mafuta, chifukwa chinyezi chimafulumizitsa kupsa.

Galimoto ikatha kupangidwa, ipempheni muione. Pamene pali batire pakulungidwe ndi tepi kapena mphira mwamphamvu, ndipo usiku ikolekedwe pamwamba pomwe wokwawa sangafike.