Zoyankhula mwini ndi zoyankhula wina m'Chingerezi

Pa phunziro la Chichewa munaona kale kusiyana kwa zoyankhula mwini ndi zoyankhula wina, ndipo mwina ntchitoyi simunaione yovuta. Mumachotsa mitengero, mumaika mlumikizi "kuti", kenaka mumasintha alowam'malo. Chiganizo chakuti Chikondi anati, "Ndikudwala," chimasanduka Chikondi ananena kuti akudwala. Onani kuti mneni "akudwala" akadali m'nthawi yatsopano ngakhale kuti Chikondi anayankhula mawuwa sabata yatha. M'kayankhulidwe kathu ka tsiku ndi tsiku palibe amene angakudzudzuleni pa chiganizo chimenechi.

Chizolowezi chimenechi ndicho chimagwetsa ophunzira ambiri akafika pa Chingerezi, kumene zoyankhula mwini amazitcha direct speech ndipo zoyankhula wina amazitcha reported speech. Wophunzira amaganiza m'Chichewa n'kulemba kuti Chikondi said that she is ill, pomwe woyesa mayeso akuyembekezera Chikondi said that she was ill. Kumbukirani kuti munthu salandira satifiketi ya MSCE ngati walephera Chingerezi, choncho malikisi otayika pa tinthu totere si ochepa.

Gwero la kusiyanaku ndi ili. M'Chichewa, mneni wobwera pambuyo pa "kuti" amakonda kusunga nthawi imene mwini mawu anali pamene ankayankhula. M'Chingerezi nthawi imawerengedwa kuchokera pamene paima munthu amene akufotokoza. Ngati mneni wotsogolera ali m'nthawi yakale, monga said, told kapena asked, mneni wa m'mawu ofotokozedwawo amabwerera m'mbuyo sitepe imodzi. Choncho am ndi is zimakhala was, are imakhala were, work imakhala worked, is cooking imakhala was cooking. Aneni othandizira nawonso amatero: will imasanduka would, can imasanduka could, may imasanduka might, ndipo must kawirikawiri imasanduka had to.

Tiyeni tiime pang'ono pa mneni amene ali kale m'nthawi yakale, chifukwa apa kulakwitsa kumasintha tanthauzo. Taonani ziganizo ziwiri izi:

Mphatso said, "I work at the mill."
Mphatso said, "I worked at the mill."

Choyamba chimasanduka Mphatso said that he worked at the mill. Chachiwiri chimasanduka Mphatso said that he had worked at the mill. Mukasiya had pa chachiwirichi, ziganizo zonse ziwiri zifanana, ndipo wowerenga angaganize kuti Mphatso anali adakali pa ntchito ku chigayo pamene ankayankhula, chikhalirecho iye ankanena za ntchito imene anasiya. Ndi zoona kuti eni chiyankhulo pocheza nthawi zambiri sasintha mneni wakale ngati palibe chosokoneza. Inu pa mayeso musinthe. Nayenso mneni wa has ndi have amapita kwa had: "I have eaten" imakhala he had eaten. Kuseri kwa had kulibenso sitepe ina, motero mneni amene ali kale ndi had amakhala momwemo. Chimodzimodzi would, could, should, might ndi ought to.

Za alowam'malo sitichulukitsa gaga chifukwa mukuzidziwa kuchokera m'Chichewa. Chenjerani pa chinthu chimodzi chokha: mphatikiri wathu a- sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, koma Chingerezi chimafuna kuti musankhe he kapena she, his kapena her. Komanso si nthawi zonse pamene I imasanduka he. Ngati mawuwo munanena ndinu, I ikhalabe I. Ngati you imene ili m'mitengero ikunena inu amene mukufotokoza, isanduka I kapena me.

Mawu osonyeza nthawi ndi malo ophunzira ambiri amangowaloweza pamtima: today kukhala that day, tomorrow kukhala the next day, yesterday kukhala the previous day, now kukhala then, here kukhala there, ago kukhala before. Kuloweza si kulakwa, koma ndi bwino kudziwa chifukwa chake. Tiyerekeze kuti amalume anu ayimba foni Lolemba n'kunena kuti, "I will come tomorrow." Mukamauza amayi anu tsiku lomwelo, tomorrow ikhala momwemo chifukwa mawa la amalume ndi mawa lanu ndi limodzi, Lachiwiri. Koma mukafotokoza nkhaniyi Lachinayi n'kusiya tomorrow, amayi apha nkhuku Lachisanu kudikira mlendo amene ankanena za Lachiwiri. Apa mpofunika kunena kuti Uncle said that he would come the next day. Chichewa chili nayo njira yomweyi: timati "mawa lake" ndi "dzulo lake" tikamafotokoza nkhani yakale. Nayo here imasanduka there pokhapokha ngati mwachoka pamalo pamene mawuwo ananenedwa. Pa mayeso, pamene simunauzidwe tsiku kapena malo, ganizani kuti nthawi yapita ndipo malo asintha.

Aneni otsogolera said ndi told asiyanitseni monga mumasiyanitsira kunena ndi kuuza. Munthu amauza wina wake, choncho told imafuna munthu wouzidwayo: She told me that she was tired. Kulemba She told that kapena She said me that ndi kulakwa. Mlumikizi that amagwira ntchito ya "kuti", ndipo m'Chingerezi mukhoza kumusiya chiganizo osawonongeka.

Mafunso ndiwo amavuta koposa. Funso la Chingerezi limaika mneni wothandizira patsogolo pa mwininkhani, monga mu "Where are you going?" Funsoli likafotokozedwa ndi wina silikhalanso funso. Mwininkhani amabwerera patsogolo pa mneni ndipo mfunsiro umachoka:

The teacher asked me where I was going.

Ambiri amalemba where was I going, chifukwa khutu linazolowera kamvekedwe ka funso. M'Chichewa vutoli silioneka, popeza mawu a m'funso sasinthana malo ndi mwininkhani chotere. Mneni wothandizira do, does kapena did amene anangobwera kudzapanga funso amachoka: "What do you want?" imakhala She asked what I wanted. Funso loyankhidwa ndi inde kapena ayi limafuna if kapena whether, amene ndi "ngati" wathu uja: "Have you paid the fees?" imakhala He asked whether I had paid the fees. Musaike that patsogolo pa where, what kapena if, ngakhale kuti m'Chichewa timati "anafunsa kuti ndikupita kuti".

Polamula kapena kupempha, Chichewa chimati "anamuuza kuti atseke chitseko". Chingerezi chimagwiritsa ntchito to: She told him to close the door. Poletsa, not imabwera patsogolo pa to: She told him not to close the door. Mawu oti please sawoloka nawo. Ulemu wake umanyamulidwa ndi mneni wotsogolera, ndiye chifukwa chake pempho limatenga asked kapena begged pomwe lamulo limatenga told kapena ordered. Wolemba waluso amasankha mneniyu mosamala, chifukwa warned, promised, denied ndi admitted zimauza wowerenga cholinga cha woyankhula, zomwe said yokha singachite.

Tsopano, kodi mneni amabwerera m'mbuyo nthawi zonse? Ayi. Mfundo imene ndi yoona nthawi zonse ikhoza kukhala m'nthawi yatsopano: The teacher said that water boils at 100 degrees Celsius at sea level. Chimodzimodzi nkhani imene ikadali yoona pamene mukufotokoza. Ngati Chikondi wanena mawu aja mphindi zisanu zapitazo ndipo akadali gone pamphasa, mnzake wokaitana anamwino akhoza kunena kuti She said she is ill osalakwa. Apa Chingerezi ndi Chichewa zimakumana.

Palinso malo ena ofunika kwa inu ophunzira zolembedwa. Ngati mneni wotsogolera ali m'nthawi yatsopano, monga says kapena tells, mneni wa m'kati sasintha nthawi ngakhale pang'ono. Sewero ngati Macbeth la William Shakespeare ndi zoyankhula mwini kuyambira poyamba mpaka pamapeto, ndipo poyankha funso mumayenera kufotokoza m'mawu anu zimene ampangankhani anena. Mwambo wa Chingerezi ndi wofotokoza zochitika m'buku ngati kuti zikuchitika tsopano, chifukwa aliyense akatsegula tsambalo amapeza mpangankhani akuyankhulabe. Choncho mukhoza kulemba kuti Macbeth tells his wife that he has changed his mind about killing the king. Mukasankha nthawi yakale, lembani Macbeth told his wife that he had changed his mind. Zonse ziwiri ndi zolondola. Chimene chimakhumudwitsa wochonga ndi ndime yoyamba ndi tells, pakati n'kulowa told, kumapeto n'kubwereranso kwa tells.

Yesani chiganizo ichi, chomwe chili ndi funso ndi chiletso pamodzi. Poyamba chilembeni ngati mukufotokozera mnzanu madzulo a tsiku lomwelo muli pasukulu pomwepo, kenaka chilembeninso ngati papita mwezi ndipo muli kwanu:

The head teacher said to us, "Why did you miss assembly yesterday? Do not come here tomorrow without your parents."