Psyllium ndi Ntchito Yake M'mimba

Psyllium ndi makoko a timbewu ta chomera chotchedwa Plantago ovata, chimene chimalimidwa kwambiri ku Gujarat ndi ku Rajasthan m'dziko la India. Makokowo amagulitsidwa ouma kapena opera ngati ufa, ndipo ku America ali pamsika kuyambira mu 1934 ndi dzina la Metamucil.

Mphamvu yake yagona pa kumwa madzi. Supuni imodzi ikathiridwa m'kapu ya madzi, posakhalitsa madziwo amayamba kunanda ngati therere. Zonandazi, zimene ndi mtundu wa ulusi wa m'zakudya (fiber), thupi silizigaya, zimangoyenda m'matumbo zitasunga madzi. Kwa munthu wodzimbidwa zimafewetsa chimbudzi, pamene kwa wotsekula m'mimba pang'ono zimamwa madzi ochuluka aja n'kuchilimbitsa. Zimagwiranso ndulu n'kutuluka nayo, choncho chiwindi chimakakamizika kutenga mafuta oipa a m'magazi kuti chipange ndulu ina. N'chifukwa chake mu 1998 bungwe la FDA ku America linalola ogulitsa kulemba kuti magalamu 7 a ulusi wa psyllium patsiku, podya mafuta ochepa, angachepetse chiopsezo cha matenda a mtima. Odwala shuga nawonso amapindula, popeza shuga wa m'chakudya amalowa m'magazi pang'onopang'ono.

Ku Metangula, m'mbali mwa nyanja m'boma la Lago ku Mozambique, nkhaniyi ili ndi malo ake. Nsima ya chinangwa ndi usipa ndi chakudya chokhutitsa komanso chomanga thupi, koma nsomba ilibe ulusi ngakhale pang'ono, ndipo ufa wosefedwa bwino uli ndi wochepa. Bungwe la WHO limalangiza munthu wamkulu kudya magalamu 25 a ulusi patsiku. Psyllium ndi katundu wochokera kunja, ndipo kwa mabanja ambiri n'kosavuta kupeza ulusiwo m'nyemba, chigwada, therere, malambe ndi mgaiwa, umene ena amaunyoza pamene madeya ake ndiwo thandizo.

Womwa psyllium ayenera kuyamba ndi pang'ono, chifukwa masiku oyamba mimba imatha kudzaza mpweya. Sayenera kubwira ufawo wouma, poti umafufuma n'kutseka pakhosi, koma kuusungunula m'kapu yodzaza n'kumwa usanalimbe. Mankhwala ena a kuchipatala amwedwe patadutsa maola awiri, ndipo amene amavutika kumeza, kapena akuona magazi m'chimbudzi, ayambe waonana ndi dokotala.