Nthondo ndi Anzake: Chimene Chimachititsa Buku Kugwira Mtima

Mphunzitsi aliyense amakumana ndi ana a mitundu iwiri. Pali mwana amene amatchula bwino mawu onse a patsamba, koma belu likalira amatseka buku osalikumbukanso. Palinso wina amene amabisa buku m'malaya kuti akalimalize pakhonde dzuwa lisanalowe. Onsewa anaphunzira a, e, i, o, u kwa mphunzitsi mmodzi. Kusiyana kwawo n'kwakuti wachiwiriyo anakumanapo ndi nkhani imene inamugwira mtima, pamene woyambayo sanakumane nayo. Tsono inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi muyenera kudziwa chimene chimapatsa nkhani mphamvu yotere. Tiyeni tione buku limodzi limene makolo athu analikonda, ndipo likali kutchulidwa kufikira lero.

Buku la mphunzitsi wa ku Nkhoma

Samuel Josia Ntara anabadwa m'chaka cha 1905, ndipo anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Masiku amenewo mabuku a m'chinenero chathu anali owerengeka. Munthu wodziwa kuwerenga ankakhala ndi Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, buku la nyimbo, katekisimu, ndi timabuku ta kusukulu. Bungwe lina la ku London, lotchedwa International Institute of African Languages and Cultures, linkachititsa mpikisano wa anthu olemba m'zinenero za mu Africa. Ntara anatumizako nkhani yake napata mphoto, ndipo bukulo, Nthondo, linasindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira Thomas Cullen Young, amene kale anali mmishonale wa Livingstonia, analimasulira m'Chingerezi nalitcha Man of Africa. Motero nkhani ya mwana wa m'mudzi wa Achewa inawerengedwa ndi kutsidya kwa nyanja komwe.

Nkhaniyo ndi yosavuta kuitsata. Ikuyamba ndi kubadwa kwa Nthondo, nitsata moyo wake kufikira imfa. Atate ake amwalira iye akali mwana, ndipo akula ali wosamva ndi wakuba, wosautsa abale ndi mudzi wonse. Pambuyo pake apita kutali kukafuna ntchito, monga ankachitira anyamata ambiri a nthawi imeneyo. Abwerako, alowa ufumu, ndipo potsiriza atembenuka mtima nakhala Mkhristu. Nanga m'nkhani yotere muli chiyani chimene chinachititsa anthu kubwerekana bukuli mpaka masamba kuthothoka?

Zifukwa zitatu

Choyamba, Nthondo si mngelo ayi. Olemba ena amaganiza kuti mwana amaphunzira khalidwe pomuonetsa munthu wopanda banga, womvera kuyambira tsamba loyamba kufikira lomaliza. Koma munthu wotere palibe amene anamuonapo m'mudzi, ndipo wowerenga samudera nkhawa. Nthondo timamudziwa: ndi mwana wa mlongo wathu, kapena ndife tomwe. Akalakwa timachita naye manyazi, akagwa m'mavuto timafuna kudziwa ngati adzapulumuka. Nkhawa imeneyi ndiyo imatembenuza tsamba.

Chachiwiri, mudzi wa m'bukuli ndi mudzi weniweni. Muli miyambo ya pobadwa mwana, ya ukwati, ya milandu ya pabwalo ndi ya maliro. Ntara sanaiike miyamboyi pamndandanda monga achitira wolemba buku la maphunziro, koma anaionetsa ikuchitika pa anthu amene ali ndi mayina ndi mitima yawo. Wowerenga wa 1933 anadabwa kuona kuti zinthu za kwawo, zimene ankaziyesa zachabe, n'zoyenera kusindikizidwa monga za anthu a maiko ena.

Chachitatu ndi chinenero. Ntara analemba monga amayankhulira akulu akakhala pabwalo, mosathamanga, mwambi uli pamalo pake. Ife a ku Kasungu tisaiwale kuti kayankhulidwe kathu kali ndi mbiri m'mabuku. Pamene Mark Hanna Watkins wa ku America ankalemba A Grammar of Chichewa, buku limene linatuluka mu 1937, amene ankamuuza mawu ndi ziganizo anali wophunzira wochokera kuno, Hastings Kamuzu Banda, ali pa sukulu ya ukachenjede ku Chicago. Mu 1946 Banda yemweyo ndi Cullen Young anatulutsa Our African Way of Life, mmene anamasulira nkhani za olemba a kuno kwathu. Mu 1968 Chichewa chinakhala chinenero cha fuko. Kotero mwana wa ku Chulu, kwa Santhe kapena kwa Wimbe asauzidwe kuti mawu a agogo ake ndi osayenera kulowa m'buku.

Pali chinthu chinanso choti mphunzitsi adziwe. Bukuli linatuluka m'nyumba yosindikizira ya mishoni, ndipo mathero ake akugwirizana ndi zimene mishoni inkafuna kuphunzitsa. Ichi sichichepetsa ubwino wake, koma ana a makalasi apamwamba angathe kufunsidwa kuti: kodi chinasintha Nthondo n'chiyani, ulendo, ufumu, ukalamba kapena chikhulupiriro? Funso lotere lilibe yankho limodzi, ndipo ndilo limaphunzitsa mwana kuganiza.

Ana a m'dera la fodya

Masiku a Ntara amuna ankachoka m'midzi ino kupita ku Harare ndi ku Joni, ena osabwerakonso, ndi kutchedwa matchona. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, pamene maesiteti a fodya anachuluka m'zigwa za Kasungu, ulendowo unatembenuka: mabanja ambiri anabwera kuno kuchokera ku Mulanje, ku Thyolo, ku Mangochi ndi kwina kudzalima fodya. Chifukwa chake m'kalasi limodzi mungapeze mwana amene kwawo amayankhula Chilomwe, wina Chiyao, wina Chitumbuka. Ana ameneŵa amadziwa kusiya mudzi ndi kukhala mlendo. Ena ndi amasiye monga Nthondo. Mukawawerengera za ulendo wake simudzavutika kufotokoza, pakuti mitima yawo inafika kale kumeneko.

Mudzaonanso kuti nyengo yothyola ndi kusoka fodya, ndi pamene akusankha masamba ndi kudinda mabelo opita ku Chinkhoma, ana ena amajomba kapena kufika atatopa. Ndodo siitana mwana wotere. Koma mphunzitsi amene analekeza nkhani pakati dzulo, pamene mlandu unali usanagamulidwe, wampatsa mwanayo chifukwa china chobwerera.

Zoyenera kuchita

1. Werengani bukulo nokha poyamba. Mphunzitsi amene nkhani sinamukhudze sangathe kukhudza nayo ana.

2. Werengerani ana mokweza kanthawi kochepa tsiku lililonse, ngakhale buku likhale limodzi pasukulu ponse. Sinthani mawu monga achitira agogo pokamba nthano, ndipo lekezani pamene pakoma.

3. Musasandutse nkhani iliyonse mayeso. Mukatha kuwerenga funsani kuti, "Mukanakhala inu mukanatani?" Za maina ndi aneni zili ndi nthawi yake.

4. Musaiwale atsikana. Ntara analembanso Nchowa, nkhani ya munthu wamkazi. Funafunaninso Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, Nzeru za Kale la Kumakanga, ndi mabuku a olemba a pambuyo pake monga Jolly Max Ntaba ndi Willie Zingani. Musanapereke buku kwa ana, onani ngati likuyenera msinkhu wawo.

5. Sungani mabuku, koma musawatsekere. Akutireni ndi mapepala olimba, lembani dzina la wobwereka, ndi kuwateteza ku chiswe. Buku long'ambika ndi manja a ana lagwira ntchito yake kuposa latsopano logona m'kabati ya ahedi.

Mawu otsiriza ndi awa. Ntara sanali mlendo wochokera kutali. Anali mphunzitsi wa choko m'manja monga mudzakhalira inu. Polemba Mbiri ya Achewa, ndi mbiri ya Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi m'boma la Dowa, anakhala pansi ndi akuluakulu nawafunsa. Akulu otere alipo pafupi ndi sukulu iliyonse kumene mudzatumizidwe, ndipo nkhani za m'zigafa, za njala ya 2002, ndi za amene anapita ku Joni zikali m'kamwa mwawo. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mverani nkhanizo eni ake akali moyo, zilembeni m'kope, ndipo mawa muziwerengere ana anu.