Matenda a Nkhupakupa: Zoyenera Kudziwa kwa Okhala ku Unit L ndi Madera Ozungulira

Si kutentha thupi konse komwe kumayamba ndi malungo. Ku Chitungwiza malungo sagwira anthu ambiri monga momwe amachitira m'madera otsika ndi otentha. Choncho ngati mwayezetsa magazi, malungo osapezeka, koma thupi likutenthabe, kumbukirani nkhupakupa.

Kodi matendawa amayamba bwanji?

Nkhupakupa ikamayamwa magazi imalowetsa m'thupi tizilombo tosaoneka ndi maso. Kuno kum'mwera kwa Africa, kachilombo kamene kamadwalitsa anthu kawirikawiri ndi Rickettsia africae. Ofufuza anakapeza mwa wodwala wa m'dziko lomwe lino la Zimbabwe, ndipo anafalitsa zimenezi mu 1992. Dzina lakeli linaperekedwa mu 1996. Kamafalitsidwa ndi nkhupakupa zamawangamawanga za pa ng'ombe, mbuzi ndi nyama zakutchire. Kachilombo kena, Rickettsia conorii, kamayenda ndi nkhupakupa zofiirira za pa agalu, zomwe zimabisala m'ming'alu ya makoma ndi pogona galu.

Matendawa sapatsirana pakati pa anthu. Wosamalira wodwala asaope kumugwira kapena kudya naye.

Kodi ndi ofala motani?

Ndi ofala kuposa momwe mabuku a m'zipatala amaonetsera. Kafukufuku wa magazi m'Zimbabwe anasonyeza kuti anthu ambiri a m'madera oweta ng'ombe anadwalapo matendawa osadziwa. Ena amachira okha, ena amapatsidwa mankhwala a malungo, ndipo ambiri salembedwa n'komwe.

Nkhupakupa zamawangamawanga zimachuluka m'madera otsika a kum'mwera monga Chiredzi ndi Beitbridge, komanso ku chigwa cha Zambezi, koma zafalikira kumadera okwera potsatira ng'ombe zosamutsidwa. Zimaswana kwambiri nthawi ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, udzu ukakhala wautali.

Ndani ali pachiopsezo?

Kukhala m'tauni sikukutetezani kotheratu. Samalani ngati:

- mumalima kapena kutola nkhuni m'matchire a m'mbali mwa Nyatsime ndi Manyame;
- mumapita kumidzi ya ku Seke kapena kumafamu kumene kuli ziweto;
- mwabwera kumene kuchokera kumudzi ku Malawi, Zambia kapena Mozambique;
- muli ndi agalu osasambitsidwa mankhwala ophera nkhupakupa;
- ana anu amasewera m'maudzu aatali.

Zizindikiro zake

Zimayamba patatha masiku 5 mpaka 10 chilumidwireni. Munthu amatentha thupi, mutu umapweteka kwambiri, thupi limaphwanya makamaka m'khosi, ndipo amatuluka mwanabere m'khwapa kapena m'mphechepeche. Ena amatuluka totupa pakhungu.

Chizindikiro chachikulu ndi kachilonda ka nkhanambo yakuda, kofiira m'mbali, pamene nkhupakupa inaluma. Tizilondati tikhoza kukhala tingapo. Sitipweteka kwenikweni, motero timabisika. Fufuzani m'mutu, kuseri kwa makutu, m'khwapa, m'chiuno, pansi pa mabere ndi kumaliseche. Ana a nkhupakupa ndi aang'ono ngati mchenga, ndiye ambiri sakumbukira kuti analumidwa.

Chithandizo

Pitani kukiliniki yapafupi kapena ku Chitungwiza Central Hospital. Onetsani kachilondako, ndipo fotokozani kumene mwayenda masabata awiri apitawa. Mankhwala ogwiritsidwa ntchito kawirikawiri ndi doxycycline, ndipo ambiri amapeza bwino m'masiku awiri kapena atatu. Malizani mankhwala onse. Ngati muli oyembekezera, uzani namwino asanakulembereni mankhwala. Okalamba, odwala shuga ndi ena ofooka m'thupi asazengereze, pakuti kwa iwo matendawa amatha kukula.

Thamangirani kuchipatala ngati wodwala akutuluka magazi m'mphuno kapena m'nkhama, akusanza magazi, kapena wasokonezeka mutu. Pali nthenda ina yosowa koma yoopsa, Crimean-Congo, yomwe imapezeka ku South Africa ndi Namibia. Imabwera ndi nkhupakupa kapena magazi a ziweto, ndipo iyoyi imapatsirana kudzera m'magazi a wodwala.

Kachotsedwe ka nkhupakupa

Igwireni pafupi ndi khungu ndi kachipanira kosongoka, n'kuikoka pang'onopang'ono molunjika. Musaiwotche ndi machesi, musaipake mafuta kapena palafini, ndipo musaifinye ndi zala. Tsukani pamalopo ndi sopo. Lembani tsikulo kuti mukauze namwino mukadwala.

Kapewedwe

Valani buluku lalitali ndi nsapato zotseka mukamalowa m'tchire. Mukabwerako sambani, n'kudzifufuza thupi lonse, ndi ana omwe. Tchetchani udzu wa pakhomo. Sambitsani agalu mankhwala oyenera, ndipo ng'ombe zakumudzi zizipita kudibi. Nthenda ya ng'ombe yotchedwa January disease, yomwe yapha ziweto zambiri m'dziko lino, sigwira anthu, koma ikabuka m'dera dziwani kuti nkhupakupa zachuluka kumeneko.