Kuloweza si kumvetsa: mafunso amaumba kaphunziridwe

Mwana akhoza kupambana mayeso lero, koma pakutha pa mwezi n'kuiwala zonse. Nthawi zambiri gwero lake ndi momwe anaphunzirira.

M'chaka cha 1976, akatswiri awiri a pa yunivesite ya Gothenburg ku Sweden, Ference Marton ndi Roger Säljö, anapatsa ophunzira nkhani yoti awerenge, kenaka n'kuwafunsa mafunso. Ena ankangoloweza mawu, pomwe ena ankafufuza chimene wolembayo akutanthauza. Amene anagwira mfundo yaikulu anali a gulu lachiwirili.

Akatswiriwa anaonanso kuti ophunzira akazolowera mafunso ongofuna kubwereza zomwe awerenga, amayamba kuwerenga moloweza.

Kaphunzitsidwe nakonso kali ndi mbali yake. Kafukufuku wa mu 1999 wa Keith Trigwell ndi anzake ku Australia anapeza kuti komwe mphunzitsi amangokhuthula zomwe akudziwa, ophunzira amakonda kuloweza. Komwe amawapatsa mpata wofunsa ndi kukambirana, amayesetsa kumvetsa.

Choncho aphunzitsi ndi makolo, musalekere pa funso lakuti “tchula njira zopewera kolera.” Funsaninso kuti, “n'chifukwa chiyani kuwiritsa madzi kumateteza ku kolera?” Mwana woyankha funso lachiwirili adzadziwa chochita mankhwala othira m'madzi akatha pakhomo.