Nsomba, Nkhono ndi Likodzo pa Nyanja ya Malawi

Mphunzitsi ali yense amene adzatumizidwa ku sukulu za m'mbali mwa nyanja adzakomana ndi nthenda ya likodzo pakati pa ana ake. Mwana wodwala nthendayi amakodza magazi, amakhala wofooka, ndipo maganizo ake sakhazikika pa maphunziro. Ambiri a ife tidziwa kuti likodzo limatengedwa m'madzi, koma ndi owerengeka okha amene adziwa kuti kuculuka kwa nthendayi kungathe kuyenderana ndi kucepa kwa nsomba zina za m'nyanja. Nkhani imeneyi anaifufuza akatswiri pa mudzi wa Chembe, ku Cape Maclear m'boma la Mangochi, ndipo nkoyenera kuti ife aphunzitsi tiimvetse bwino.

Poyamba tione m'mene nthendayi iyendera. Likodzo limadza ndi kanyongolotsi kamene dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, anakapeza m'thupi la munthu ku Cairo m'caka ca 1851. M'caka ca 1915 Robert Leiper anaonetsa, ku Egypt komweko, kuti kanyongolotsiko sikangathe kucoka mwa munthu mmodzi ndi kukalowa mwa wina popanda kudzera mwa nkhono ya m'madzi. Munthu wodwala akakodza m'madzi, mazira a nyongolotsi amaswa, ndipo tizirombo totulukamo timafunafuna nkhono. Tikaisowa timafa tsiku lisanathe, koma tikaipeza timalowamo ndi kuswana kwa milungu inai kapena isanu ndi umodzi. Pamenepo timatuluka tambirimbiri, tosaoneka ndi maso, ndipo timaboola khungu la munthu amene akusamba, kucapa kapena kukoka khoka. M'thupi la munthuyo timakula ndi kukakhala m'mitsempha ya magazi yozinga cikhodzodzo, ndipo mazira ake ndiwo amacititsa mabala otulutsa magazi aja. Motero tiona kuti popanda nkhono palibe likodzo.

Si nkhono zonse zimene zimasunga tiziromboti. Kale madokotala ankadziwa mtundu umodzi wochedwa Bulinus globosus, umene umakonda madzi odekha a m'mitsinje, m'madambo ndi m'mabango. Cifukwa ca ici anthu ankakhulupirira kuti magombe a mcenga, kumene mafunde amaomba, alibe likodzo, ndipo kufikira zaka za m'ma 1980 zinkaoneka kuti nzoona. Koma pambuyo pake anthu osambira pa magombe otere anayamba kudwala. M'caka ca 1992 anthu awiri a ku America ogwira nchito ya Peace Corps anadwala kwambiri atasambira ku Cape Maclear, ndipo izi zinacititsa madokotala kuyang'ananso nkhaniyi.

Mwa akatswiri amene anafufuza cifukwa cake munali Jay Stauffer wa ku America, wodziwa za nsomba, ndi Henry Madsen wa ku Denmark, wodziwa za nkhono, pamodzi ndi anzao a kuno kwathu. Nchito yao inali ya kuwerenga ndi kuyerekeza. Ankamira pansi pa madzi ndi kuwerenga nsomba motsata zingwe zoyezedwa utali, pa madzi osaya ndi akuya. Ankasefa mcenga kuti apeze nkhono, ndi kuziika m'timabotolo ta madzi poyera kuti aone ngati zitulutsa tizirombo. Ankang'amba mimba za nsomba kuti adziwe cakudya cake, ndiponso ankayeza mikodzo ya ana a sukulu. M'caka ca 2001 analengeza kuti mtundu waciwiri wa nkhono, Bulinus nyassanus, umene umakhala mu mcenga wa pa magombe ndipo supezeka kwina kuli konse koma m'nyanja ino, nao umasunga tizirombo ta likodzo.

Nanga nkhono imeneyi, pokhala ya m'nyanja muno kuyambira kale, inayamba bwanji kubvuta? Apa ndi pamene nsomba zilowera. Nyanja ya Malawi iri ndi mitundu ya nsomba yoposa 700, kupambana nyanja ina iri yonse pa dziko lapansi, ndipo mtundu uli wonse uli ndi cakudya cake. Ina mwa mitunduyi imadya nkhono, ndipo wodziwika kwambiri ndiwo umene akatswiri amaucha Trematocranus placodon. Nsomba imeneyi iri ndi mano ophwaphwatika a ku mmero, ogwira nchito ngati mphero, amene imaphwanyira zigoba za nkhono. Powerenga, akatswiri aja anapeza kuti nsomba zodya nkhono zinali zitacepa kwambiri pa madzi osaya poyerekeza ndi ca m'ma 1980, ndipo kuti pamene nsombazi zinali zocepa nkhono zinali zambiri. Madzi osaya amenewa ndi omwe aja amai amatsukiramo mbale ndi ana amaseweramo.

Cimene cinacepetsa nsombazi ndi usodzi wa pa gombe. Khoka la maso ang'onoang'ono, makamaka likasokereredwa ndi masikito, limakokolola zonse, ndi tiana ta nsomba tomwe tisanafike poswana. Tisafulumire kuweruza asodzi, pakuti anthu anaculuka m'midzi ya ku nyanja, ndipo nsomba ndiyo ndiwo, ndiyo ndalama ya sopo ndi ya yunifolomu ya mwana. Ndiponso usodzi suli wokha pa mlandu umenewu. Kuculuka kwa anthu kumaonjezera mikodzo yolowa m'madzi, ndipo dothi lokokoloka ku mapiri odulidwa mitengo limasintha pansi pa nyanja. Komabe phunziro lake ndi loonekeratu: nsomba imene munthu aiona ngati ndiwo cabe iri ndi nchito ina m'madzi, ndipo ikacoka, ana a munthu yemweyo ndiwo amalipira.

Malo a ku Cape Maclear anasanduka Lake Malawi National Park m'caka ca 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la cuma ca dziko lonse lapansi. M'malo otetezedwawo usodzi ndi woletsedwa pa mtunda wa mamita 100 kucokera ku gombe. Koma lamulo lolembedwa pa pepala siliteteza nsomba ngati eni mudzi sakumvetsa cifukwa cake. Mankhwala a praziquantel, amene amaperekedwa m'sukulu, amapha nyongolotsi za m'thupi, koma saletsa mwana kutenganso nthendayo akabwerera m'madzi omwewo. Ncifukwa cake mankhwala, zimbudzi, mijigo ndi kusunga nsomba ziyenera kuyendera pamodzi.

Tsono nchito yanu, aphunzitsi anzanga, ndi iyi. Jambulani pa bolodi ulendo wa kacirombo kucokera mwa munthu kupita mwa nkhono ndi kubwerera, ndipo funsani ana kuti aloze malo amene ulendowo ungadulidwe. Adzachula cimbudzi, mankhwala ndi nsomba. Auzeni kuti kukodza magazi ndi nthenda yofunika cipatala, si cizindikiro ca kukula monga ena amanenera. Musawatume kukatola nkhono ndi manja m'madzi. M'malo mwake atumeni kwa agogo ao ndi kwa asodzi akale akafunse maina a nsomba m'cinenero cao, cakudya ca nsomba iri yonse, ndi mitundu imene inali yambiri kale koma lero isowa. Mainawo muwalembe m'buku la sukulu, ndipo pokambirana ndi mfumu ndi makolo mudzakhala ndi umboni wocokera m'kamwa mwao momwe. Akulu anati madzi akatayika saoleka. Mtundu wa nsomba wopezeka m'nyanja ino yokha ukatha, palibe kwina kumene tingakautenge.