CHINTHECHE: MZINDA UMAYAMBA NDI MSEWU NDI SITEJI

Anthu ambiri a m'boma la Nkhata Bay anamva kwa agogo ao za sitima zina zimene zinkayenda pakati pa misewu ya ku Johannesburg. Atonga amene ankapita ku Joni kukagwira ntchito anaziona ndi maso sitimazi. Zinali zoyendera magetsi kuyambira m'chaka cha 1906, ndipo zinaleka kuyenda m'chaka cha 1961, mabasi atatenga malo ake. Masiku ano mizinda ina ya mu Africa yabwereranso ku sitima zotere. Mzinda wa Algiers ndi wa Rabat inatsegula njanji zake m'chaka cha 1011 kuonjeza 1000, ndiko kuti 2011, wa Casablanca mu 2012, ndipo wa Addis Ababa mu 2015.

Ife sitikunena kuti Chintheche ayale njanji maŵa lino. Sitima ya mumzinda imafuna anthu zikwizikwi okwera tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi magetsi osazimazima, ndipo tonse tikukumbukira mdima umene unagwa m'dziko muno namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 1922 ayi, koma mu Januwale 2022. Chimene tikufuna kuti akuluakulu a boma ndi aphunzitsi aonetsetse ndi m'mene akatswiri amaganizira asanayale njanji yotere, pakuti nzeru yomweyo ndi imene ikufunika pa msewu wathu wa m'mbali mwa nyanja.

Akatswiriwo sayamba ndi kugula sitima. Poyamba amaŵerenga anthu: akuchokera kuti, akupita kuti, ndiponso nthaŵi yanji. Kenaka amapatula malo oti njanji idzadutse anthu asanamangepo nyumba. Pomaliza amasankha poimira, ndipo amasiya mamita 400 kapena 600 pakati pa siteshoni ndi inzake, kuti munthu wa mwana kumbuyo asayende mtunda wautali. Siteshoni amaiika pafupi ndi msika, sukulu ndi chipatala, ndipo amaipatsa denga, pokhala, ndi malo oolokera bwino. Amafunsanso funso limene ambiri amaliiŵala, loti adzakonza ndani chinthu chikaonongeka. A ku Addis Ababa anamanga njanji ya masiteshoni 39 ndi ndalama zokwana madola 475 miliyoni, zambiri mwa izo zangongole yochokera ku China, koma patangopita zaka zoŵerengeka sitima zambiri zinaima chifukwa chosoŵa zipangizo zosinthira.

Chintheche si mlendo pa nkhani ya mapulani. Pa Bandawe ndi pamene mishoni ya Livingstonia inakhazikika m'chaka cha 1881 itachoka ku Cape Maclear, isanakwere ku Khondowe mu 1894. Boma la atsamunda la dera lino linali pa Chintheche lisanasamukire ku Nkhata Bay. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr H. Kamuzu Banda linakonza zomanga fakitale yaikulu yopangira zipangizo za mapepala pa Chintheche pomwepa, yodalira mitengo ya paini ya ku Chikangawa pa mapiri a Viphya, nkhalango ya mahekitala oposa 50,000. Kampani ya Vipcor inakhazikitsidwa, malo anapatulidwa, ndipo anthu anayembekeza kuona mzinda watsopano. Fakitaleyo sinamangidwe. Ndalama zofunika zinali zambiri, msika unali kutali, ndipo panali mantha akuti zinyalala zake zingaipitse nyanja. Chimene anthu anapindula nacho m'nyengo imeneyo ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja, umene lero timautcha M5.

Phunziro lake ndi lomveka. Mzinda wodalira chinthu chimodzi chachikulu umatha kufera pa pepala, pamene msewu umene anthu amayendapo tsiku ndi tsiku umamanga mzinda wokha, kaya pali pulani kaya palibe. Njanji ya dziko lino inafika ku Salima mu 1935, ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980, koma sinafikepo m'chigawo cha kumpoto. Sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanja m'chaka cha 1951, imakocheza pa Nkhata Bay, makilomita pafupifupi 40 kumpoto kwa Chintheche. Motero mlimi wa chinangwa, mayi wogulitsa usipa ndi batala, mlendo wopita ku Kande, ndi mwana wa sukulu, onse adalira msewu umodzi womwewo. Msewu umenewu ndiwo njanji yathu, ndipo masiteji ake ndiwo masiteshoni athu.

Tsono tiyeni tidzifunse. Kodi masiteji athu anasankha ndani? Kaŵirikaŵiri minibasi imaima pamene paima munthu, kaya ndi pokhota kaya ndi pa mlatho. Akabaza amaunjikana pamphepete pa phula, ogulitsa malonda amatsatira okwera, ndipo posakhalitsa pamamera magolosale. Mvula ya kuno ndi yambiri kuposa ya madera ochuluka a dziko lino, koma okwera amadikira galimoto pansi pa mtengo wa mango. Mwana akagundidwa ndi galimoto pooloka, timati ndi ngozi, chonsecho ngoziyo inayamba tsiku limene tinalola siteji kukhala pamalo olakwika.

Ife tikupempha zinthu zinayi. Choyamba, khonsolo ya Nkhata Bay, mogwirizana ndi mafumu ndi bungwe la Roads Authority, iteteze malo a msewu, amene pa msewu waukulu ndi mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati. Kuletsa munthu asanaumbe njerwa nkosavuta kusiyana ndi kumugwetsera nyumba. Chachiŵiri, masiteji asankhidwe anthu ataŵerengedwa, ndipo akhale ndi popatukira galimoto, denga, chimbudzi ndi madzi. Chachitatu, omanga akumbukire kuti nyanja imakwera. Inakwera kwambiri cha m'ma 1980, ndipo inakweranso mu 2024 nkumiza nyumba ndi malo ogona alendo m'madera ambiri a m'mphepete mwake. Chachinayi, pasamangidwe kanthu popanda kudziŵa amene adzakasamalira ndi kumene ndalama zake zidzachokera. Lamulo la mapulani a malo la m'chaka cha 2016 linapatsa makhonsolo udindo wokonza mapulani a madera ao, ndipo udindowo uyenera kuoneka pa nthaka.

Aphunzitsi nawonso ali ndi gawo lao. Ana a Sitandade 7 ndi 8 angathe kujambula mapu a msika wao, kuŵerenga galimoto ndi njinga zodutsa pa ola limodzi, ndi kuonetsa pamene anzao amaolokera. Ntchito imeneyi ndi masamu ndi jogalafe yeniyeni, ndipo zotsatira zake zingathandize komiti ya chitukuko ya m'deralo kuposa mawu a pa msonkhano. Mphunzitsi wamkulu amene sukulu yake ili pa msewu asadikire maliro kuti alembe kalata yopempha zikwangwani ndi mizere yoolokera.

Makolo athu anati m'mera mpoyamba. Mwina zidzukulu zathu zidzafuna njanji pakati pa Chintheche ndi Nkhata Bay, mwinanso ayi. Koma zikadzaifuna, zidzaipeza njira pokhapokha ife titasiya malo ake lero, ndipo pakali pano malo omwewo ndi amene angateteze ana athu popita ndi pochokera ku sukulu.